Paipi ya buleki ikukokeka chikwezereni Hilux yanga, ndisinthe kapena ndingotsitsa bulaketi?

Wa_ku_Katoto:
Akuluakulu ndithandizeni nzeru. Ndili ndi Hilux yakale ija ya LN106, ya difu kutsogolo ndi kumbuyo, ndinayika masipuling'i atsopano ndi ma shock aatali, yakwera pafupifupi mainchesi 2. Dzulo ku car wash tayala limodzi lakumbuyo linalowa mu ngalande ndiye ndinaona kuti paipi ya labala ija yochoka pa chesisi kupita pa difu yawongoka ngati chingwe cha gitala. Ikayima pamalo abwino ikuoneka bwinobwino, sikudontha. Mnyamata wina wandiuza kuti angopinda bulaketi yogwira paipiyo itsike basi nkhani yatha, wina akuti ndipite kwa anthu a ma hydraulic andidindire paipi yaitali. Galimotoyi imayenda Usisya ndi Nkhata Bay pafupipafupi itanyamula katundu, ndiye sindikufuna zoyerekeza. Nditani?

Difu_Loko:
Achimwene musayendenso nayo kutali mpaka mukonze. Paipi ija sikuti imaduka pakati, imayamba kung'ambika pamene labala wakumana ndi chitsulo, ndipo tsiku lomwe idzasiye ndi lomwe tayala lalendewera mu dzenje inu phazi lili pa buleki. Tangoganizani zitakuchitikirani pa Gorodi potsika kuchokera ku Livingstonia.

Muyezo musatenge galimoto itayima pansi ayi. Jekani chesisi, muyike ma stand pansi pa chesisi osati pa difu, difu ilendewere mpaka ma shock afike pothera. Pamenepo ndi pomwe muyeze, ndipo paipi yatsopano ikhalebe ndi kampata kopindika, isawongoke. Koma musapyoze muyeso, yaitali kwambiri imakhula pa tayala kapena pa ekizozi, kapena kukodwa mu chitsa. Kutsogolo mukatero mukhotetsenso chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri muone ngati paipi ikugunda tayala.

Zotsitsa bulaketi zimatheka pa mainchesi 2, koma ikhale bulaketi yopangidwa bwino yomanga ndi mabawuti, osati kupinda ndi pulayala. Mukapinda mukukakamiza paipi yachitsulo ija yomwe pa galimoto ya zaka zimenezo, ndi mvula ya kuno ku Mzuzu, mwina yadya kale dzimbiri. Ine ndikanasintha basi, labala wa zaka zoposa 20 mukumusungiranji.

Makaniko_Luwinga:
Bwana za ma hydraulic zo ayi, ndikanize ndithu. Paipi ya thirakitala kapena ya tipa inapangidwira oyilo, labala wake wamkati sagwirizana ndi brake fluid, amafufuma n'kuyamba kunyenyeka. Kunja imaoneka yolimba zedi moti munthu umakhulupirira, koma mkati ikutha. Paipi ya buleki yeniyeni imalembedwa SAE J1401 pa thupi pake, muyang'ane zimenezo musanapereke ndalama. Ngati odindawo ali ndi paipi yolembedwa choncho ndi mitu yake yoyenera, chabwino, apo ayi itanitsani yaitali kale, ya extended, ku Lilongwe kapena ku South Africa. Mitu ya Toyota ndi M10 x 1.0, koma tengani yakaleyo m'manja pokagula chifukwa kwina mutu ndi wamwamuna kwina wamkazi.

Pomasula gwiritsani sipanala ya mapaipi ija yotseguka pang'ono kukamwa, ya 10. Sipanala wamba imangodya nati n'kukhala yozungulira kenako mwayamba kusaka paipi yachitsulo yomwe simunakonzekere. Thirani WD-40 madzulo mumasule mmawa. Masulani nati kaye kenako muchotse kilipi, ndipo pomanga paipi isapotoke, mzere uli pa labalawo ndi umene ukuuzeni. Fluid asagwere pa penti amasupula, akagwera thirani madzi msanga.

Koma chimene anthu ambiri amaiwala akakweza Hilux si paipi. Kumbuyo kuli valavu ija ya load sensing yokhala ndi kandodo kopita pa difu. Ntchito yake ndi kuonjezera mphamvu ku mabuleki akumbuyo galimoto ikalemedwa, n'kuchepetsa ikakhala yopanda kanthu. Ndiye inu mwakweza bodi, valavu ikuona ngati galimoto ndi yopepuka nthawi zonse ngakhale mutapakira matumba a usipa, kumbuyo sikugwira mokwanira, ntchito yonse ikugwera ma pad akutsogolo. Potsika Chiweta mudzamva fungo. Pofunika kukweza pomangira kandodoko pa difu ndi muyezo womwewo womwe galimoto yakwera.

Wa_ku_Katoto:
Eee za valavu sindinaziganizeko n'komwe, ndipo nzoona kutsogolo kukumira kwambiri ndikaponda. Nanga za waya zija zonyezimira, braided, zili bwino kuposa za labala? Ndipo fluid ndithire uti?

Mayi_wa_Prado:
Braided ndinayika pa yanga, pedulo imalimbako pang'ono chifukwa paipi sifufuma mukaponda, koma musayembekezere kuti galimoto iziyima msanga, zimenezo ndi za ma pad ndi matayala. Vuto lake simungaone kuti yatopa. Labala amakuchenjezani, amachita ming'alu kapena chotupa, pomwe ya waya mchenga ukalowa pakati pa waya ndi kapaipi kamkati imadyeka mwakachetechete. Mukagula igulani yokutidwa ndi pulasitiki kunja. Kwa munthu woyenda Usisya ine ndingati labala wabwino wokwana muyezo ndi wokwanira, ndalama yotsalayo mugule fluid wambiri musinthe yense.

Fluid onani pa chivindikiro cha master (pampu ya mabuleki yokhala ndi kabotolo kothiramo fluid), ma Toyota akale amalemba DOT 3, ndipo DOT 4 amalowa bwinobwino. DOT 5 musayerekeze, ndi wa silicone sasakanikirana ndi enawo. Botolo likhale losatsegula, lija lotsala chaka chatha lamwa kale chinyezi.

Difu_Loko:
Pa braided po ine ndi Mayi timasiyana, m'tchire waya amapirira zitsa ndi miyala kuposa labala, koma sitikangana, thumba lanu ndi lomwe linene. Pobulida, kutulutsa mpweya m'mapaipi a buleki, muyambe kumbuyo tayala lakutali ndi master, kenako linzake, mubwere kutsogolo, mumalizire pa nipo (kabawuti kotulutsira mpweya) ya valavu ija, ili ndi yake ndipo mukaidumpha pedulo imakhalabe yofewa. Wopopa asasiye pedulo musanatseke nipo, ndipo kabotolo ka master kasaume apo ayi mwayambiranso. Poti galimoto ili kale m'mwamba onaninso kebulo ya handbrake ndi kapaipi kopumira difu, nazonso zimakokeka chimodzimodzi, kakazuka madzi amalowa mu difu mukawoloka mtsinje.

Wa_ku_Katoto:
Yewo chomene nonse. Loweruka ndijeka ndiyeze kaye. A Makaniko_Luwinga, bulaketi ya valavu ija mumapanga nokha kapena ndiitanitse limodzi ndi mapaipi?

Makaniko_Luwinga:
Timapanga, ndi kachitsulo ka flat bar kobowola basi. Mubwere nayo yopanda katundu kumbuyo kuti tiyeze bwino, ndipo Loweruka timatseka 1 koloko.