Tinabzala mitengo 600, yatsala 41, tikulakwitsa pati?

Wobisa dzina: Moni nonse. A admin chonde mundibisire dzina chifukwa anzanga a m'komiti ali m'gulu momwemuno. Ndine mlembi wa kalabu ya zachilengedwe pa yunivesite ina kuno ku Malawi. Chaka chatha tinabzala mitengo 600, ina kuseri kwa mahositelo, ina m'mudzi woyandikana ndi sukulu. Dzulo tawerenga, yamoyo ndi 41 basi. Usiku sindinagone, chifukwa amene anatithandiza ndalama akufuna lipoti tisanapemphe zina. Komanso zinthu m'kalabu sizili bwino. Tsiku lobzala tinalipo 130, koma matisheti atangotha theka linabalalika. Msungichuma mpaka lero sanabweretse malisiti a mafuta a lole. Wilibala yathu anabwereka anthu a kukhitchini, inabwera tayala litaphulika. Wapampando sayankha pa WhatsApp, koma pa zithunzi ndiye amaima kutsogolo. Ine ndinaphonya mayeso apakati chifukwa cha ntchito yomweyi, ndipo palibe anandithokoza. Chaka chino akuti tibzale 1,000. Ndithandizeni, titani kuti isafenso?

Mayi wa Nazale: Mwanawe, wafotokoza za matisheti ndi wilibala, koma zofunika sunanene. Munabzala mwezi uti? Mitengo yamtundu wanji? Maenje anali aakulu bwanji, ndipo anakumbidwa liti? Popanda zimenezi tonse tingolota.

Bambo wa Zitsa: Vuto lanu si mwezi. Vuto ndi lakuti mukubzala. Ndanena kambirimbiri m'gulu muno: musanagule mbande ngakhale imodzi, yendani pamalopo muwerenge zitsa zamoyo. Zitsa za mitengo ya tsamba, mombo, msuku, mphakasa, zimaphukira zokha, ndipo mizu yake ili kale pansi penipeni pomwe pali chinyezi. Pa chitsa chilichonse sankhani mphukira ziwiri kapena zitatu zowongoka, zotsalazo dulani ndi chikwanje chakuthwa, modulira m'mwamba kuti khungwa lisang'ambike. Nthambi za m'munsi thenani mpaka theka la msinkhu wake, osapitirira. Bwererani pakatha miyezi 4 mpaka 6. Palibe chubu cha pulasitiki chofeseramo mbande, palibe lole, palibe kuthirira. Dziko lino linalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni pofika 2030, ndipo sitidzafikako ndi mbande za tsiku limodzi lojambulitsa.

Mayi wa Nazale: Bambo, kuseri kwa hositelo kumene thalakitala inasalaza pomanga, chitsa achipeza kuti? Mwanayu wafunsa za kubzala.

Bambo wa Zitsa: Nanga kumudziko? Wanena yekha kuti ina anabzala kumudzi. Kumeneko zitsa zilipo, anazipondaponda popita kukakumba maenje.

Mlangizi wopuma: Ndiyankhe za maenje, poti akufunsa a Mayi ndi zoona. Dzenje likumbidwe mu Okutobala kapena Novembala, osati m'mawa wa tsiku lobzala. Pa dothi lofewa, masentimita 30 mulitali, mulifupi ndi kuya akwanira mitengo wamba. Pa dothi lolimba, logangatika ngati la pafupi ndi zomangamanga, komanso pa mitengo ya zipatso, kumbani 60 mbali zonse. Dothi lapamwamba ikani mbali ina, lapansi mbali ina. Pokwirira yambani ndi lapamwamba, mutasakaniza ndi manyowa owolerana ndowa imodzi pa dzenje lalikulu. Owolerana ndithu. Ndowe zaziwisi zimatentha mizu ndipo zimaitana chiswe. Dikirani mvula igwe yokwanira mpaka dothi linyowe kuya kofika m'chigongono, ndiye mubzale. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala kukathera pa 15 Epulo, koma musanyengedwe ndi tsiku lotsekeralo. Mbande imafuna miyezi iwiri kapena itatu ya mvula kuti mizu igwire. Yobzalidwa mu Malichi imakumana ndi chilimwe isanakhazikike. Malire anu akhale kutha kwa Januwale.

Wodana ndi majumbo: Inu nonse mukukamba mitengo, koma machubu 600 aja anapita kuti? Ndikutsimikiza kuti ali mbwee m'ngalande. Makalabu a m'mayunivesite amakonda kubzala chifukwa kumaoneka bwino, pomwe zinyalala za kukafeteriya zikuwotchedwa kuseri tsiku ndi tsiku. Mu 2020 boma linakhazikitsa tsiku loyeretsa Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse, ndi angati a inu anatulukapo? Mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60 (muyeso wa kuchindikala kwake) ndi oletsedwa, koma patakishopu pa sukulu panu ndi omwe akukulungira mandasi. Yambani ndi migolo itatu: zowola, mabotolo, zotsala. Zowolazo ndiye manyowa a mitengo yanuyo.

Bambo wa Zitsa: Achimwene, tsegulani funso lanu la majumbo. Pano tikukamba mitengo yakufa.

Wodana ndi majumbo: Manyowa amene a Mlangizi anena achokera kuti ngati si ku zinyalala? Mulu wa kompositi wa mita imodzi mbali zonse: pansi mapesi, kenako zobiriwira ndi makoko a kukhitchini, ndowe pang'ono, dothi pang'ono, kuwaza madzi, kubwereza mpaka pamwamba. Kutembenuza pa masabata awiri kapena atatu alionse. Pa miyezi itatu wapsa. Akayamba mu Ogasiti, Novembala ali nawo osagula.

Wobisa dzina: Zikomo nonse. Za machubu tinatola ena. Koma nkhani ya msungichuma ndiyo ikundiwawa, chifukwa lipoti likufuna malisiti, ndipo anthu akuganiza kuti ndalama tinadya tonse. Mwina ndingotula pansi udindo?

Mayi wa Nazale: Mwanawe, ndakufunsa mwezi. Ndikufunsanso. Ndipo poti wati munatola "ena", ndiuze: machubu onse anavulidwa pobzala? Pa gulu la anthu 130 osaphunzitsidwa, ambiri amaika mbande m'dzenje ndi chubu chake chomwe. Mizu imazungulira m'katimo ngati nkhata, mtengo umaoneka wamoyo miyezi itatu, kenako umauma. Pita ukazule mitengo 10 yakufa m'malo osiyanasiyana. Ukapeza pulasitiki, yankho ndi limenelo. Ukapeza muzu wopindika ngati mbedza, anaukankhira m'dzenje losaya. Ukapeza khungwa la m'munsi litadyedwa ndipo pali timizere ta dothi, ndi chiswe. Pamwamba podukaduka ngati podula ndi mano, ndi mbuzi. Tsinde lakuda, moto. Mitengo yakufayo ikuuza zambiri kuposa ife.

Mphunzitsi wa ku sekondale: Funso limene palibe wafunsa: kumudziko malowo ndi a yani? Ophunzira amafika ndi lole, kubzala m'mphepete mwa munda wa munthu, kuimba nyimbo, n'kumapita. Mwini munda sanapemphe mitengo. Pofika Okutobala akusosa, amatentha mapesi, mitengo n'kupsera limodzi, ndipo simungamudzudzule. Pitani kwa amfumu miyezi itatu isanafike nthawi, mufunse ngati mudziwo uli ndi komiti yosamalira zachilengedwe, VNRMC ija. Afunseni mitengo imene akufuna. Ambiri anena mango, mapeyala, magwafa, kapena keshya wa nkhuni ndi milimo. Munthu amatchingira mtengo umene adzadye. M'malo mobzala 300 pa malo a aliyense, perekani mitengo 5 pa khomo lililonse, mulembe dzina la khomolo, mudzayendere.

Bambo wa Zitsa: Apa ndiye mwanena, aphunzitsi. Ndipo mbuzi. Anthu akangokolola mu Epulo ndi Meyi, mbuzi zimamasulidwa, ndipo chobiriwira chokhacho m'dera lonse ndi mbande zanu. Kenako Ogasiti mpaka Okutobala anyamata osaka mbewa amayatsa tchire. Ophunzira nthawi imeneyo ali pa mayeso kapena ali kwawo ku tchuthi. Ndani amalambula njira yotchinga moto? Imafunika mamita 3 kapena 4 mulifupi kuzungulira malo onse, yolambulidwa udzu usanaumitsitse, mu Meyi kapena Juni. Chitsa chikapsa chimaphukanso. Mbande ikapsa yapita. Ndi chifukwa chake ndikuti siyani za 1,000 izi.

Mlangizi wopuma: Pa chiwerengero ndikugwirizana nanu, ngakhale pa zifukwa zina. Tiwerengere. Kukagwa ng'amba ya masabata awiri mu Januwale kapena Febuluwale, mbande iliyonse imafuna malita 5 kawiri pa sabata. Mitengo 1,000 ndi malita 5,000 ulendo umodzi, ndowa za malita 20 zokwana 250. Kalabu imene anthu ake amabalalika matisheti akatha singathe. Mitengo 200 ndi ndowa 50, anthu 10 ndowa zisanu aliyense. Izi zitheka. Malonso: potalikanitsa mamita 2, hekitala imalowa mitengo 2,500, ndiye 1,000 ikufuna pafupifupi ekala yathunthu. Mbawa sungaibzale mothinana choncho, imafuna mamita 5 kapena kuposa. Muli nawo malo amenewo, ovomerezedwa ndi ofesi yoona za malo pa sukulupo? Chifukwa mukabzala pomwe akonza kudzamanga, kapena pansi pa mawaya a magetsi, kapena pamwamba pa mapaipi a zimbudzi, idzadulidwa ngakhale itakula bwino.

Mnyamata wa bulugamu: Ingobzalani bulugamu basi. Amakula msanga, mbuzi sizimudya, zaka 5 muli ndi mapolo ogulitsa kalabu n'kupeza ndalama.

Bambo wa Zitsa: Ayi! Bulugamu pafupi ndi mtsinje kapena chitsime ndi kulakwira mudzi wonse, amamwa madzi kwambiri ndipo pansi pake zomera zina sizikula bwino. Komanso mbande ya bulugamu chiswe chimaikonda kwambiri. Munthu wataya kale 559, inu mukumutumiza kukadyetsa chiswe.

Mnyamata wa bulugamu: Pamtunda, kutali ndi madzi, vuto lake n'chiyani? Nyumba zonse zofolera malata mitengo yake ndi iti?

Mayi wa Nazale: Mukangane bwino, koma mwanayu amve izi. M'mbali mwa mtsinje: mbawa, katope, mkuyu. Pa dothi louma, la chiswe: keshya wa milimo, keshya wa maluwa, mtangatanga, nimu kumadera otentha. M'minda ya anthu: msangu ndi gilisidiya, chifukwa zimawonjezera chonde, ndipo msangu umayoyola masamba nthawi ya dzinja kotero suphimba chimanga. Mkungudza wa ku Mulanje musautengere kuchigwa chifukwa choti ndi mtengo wa fuko, umafuna kuphiri kozizira. Ndipo ngati mukufuna zotsika mtengo, fesani nokha. Mbewu funsani ku ofesi ya zankhalango ya boma lanu kapena ku FRIM, bungwe lofufuza za nkhalango, ku Zomba. Dothi la m'machubu: magawo awiri dothi la pansi pa mitengo, limodzi manyowa, limodzi mchenga. Njere za msangu ndi mtangatanga zili ndi chikopa cholimba, chekani pang'ono m'mbali ndi chowengera zikhadabo, kutali ndi kamaso komerera. Za mbawa fesani zikadali zatsopano, zikagonera sizimera bwino. Keshya fesani mu Ogasiti kapena Seputembala, msangu mochedwerapo mu Okutobala chifukwa muzu wake umathamangira pansi. Sunthani machubu pa masabata awiri alionse kuti mizu isalowe m'nthaka. Kutatsala masabata atatu kapena anayi, chotsani mthunzi ndipo chepetsani madzi kuti mbande zikhwime. Yoyenera kubzala ndi ya masentimita 20 mpaka 30, ya tsinde lolimba. Zazitali zofika m'chiuno zimene ogulitsa amakuonetsani kuti ndi zabwino, zimenezo ndi zotsala za chaka chatha.

Mphunzitsi wa ku sekondale: Za anthu othawa: satifiketi ndi tisheti musapereke tsiku lobzala. Gawani mizere, munthu mmodzi mitengo 10, dzina lake lilembedwe m'kaundula. Muwerenge pakatha mwezi umodzi ndi kupakiza pomwe yafa mvula ikadalipo, muwerengenso mu Juni, komaliza mu Novembala. Wofika ndi mitengo 7 yamoyo ndiye alandire. A chaka chomaliza musawapatse mizere okha, aphatikizeni ndi a chaka choyamba.

Bambo wa Zitsa: Ndipo lipotilo lembani 41. Osawonjezera. Ziwerengero zabodza ndi zimene zatipusitsa dziko lonse kuti nkhalango zikubwerera.

Wobisa dzina: Pepani Mayi, ndinali m'kalasi. Tinabzala sabata yomaliza ya Malichi, chifukwa mlendo wolemekezeka ndi pomwe anapezeka. Mtundu sindikudziwa bwino, tinagula zosakaniza pamsewu, zambiri zinali zazitali ndithu. Maenje tinakumba tsiku lomwelo ndi makasu. Sabata yotsatira tinatsekera.

Mayi wa Nazale: Ndiye ukanayamba ndi zimenezi, mwanawe. Kumapeto kwa mvula, mbande zokalamba, maenje a khasu limodzi, kenako osathirira. Chaka chino mlendo adzabzale mtengo wake umodzi tsiku limene wapezeka, ina yonse ilowe pansi Januwale asanathe. Ndipo 41 yatsalayo ndiyo yoyamba kusamalidwa: palirani mita imodzi kuzungulira uliwonse, konzani kabeseni kosunga madzi, phimbirani ndi udzu koma usakhudze tsinde, wazani phulusa, tchingirani ndi minga ya mthethe. Ukazule 10 yakufa ija Loweruka, utitumizire zithunzi za mizu.

Bambo wa Zitsa: Ukapita kukazulako, uwerengenso zitsa. Undiuze kuti wapeza zingati.