Makina osakaniza makadi: alipo amene anawagwiritsapo ntchito kuno ku Blantyre?

Abale anga pa gulu pano, ndithandizeni nzeru. Kwathu ku Chilomoni timasewera makadi Loweruka lililonse madzulo: ine, akazi anga, achimwene, ana awiri ndi bambo anga. Si njuga ayi, patebulo sipaikidwa ndalama, woluza amangotsuka makapu a tiyi. Anayambitsa chizolowezichi ndi bambo ife tili ana.

Tsopano nyamakazi yawagwira m'zala. Kale akamasakaniza makadi munthu umachita kumva uli kukhitchini. Loweruka lapitali itafika nthawi yawo yogawa, makadi anawapulumuka n'kumwazikira pansi, mdzukulu wawo n'kuyamba kutolera kunsi kwa mpando. Anangoti, "Sewerani ana inu, ine ndatopa," n'kukalowa kuchipinda 8 koloko isanakwane. Mtima unandipweteka kwambiri. Tikati tiwasakanizire amakana, safuna kumveredwa chisoni.

Pa intaneti ndaona makina osakaniza makadi, ena ogawa kumene. Maganizo anga ndi oti tonse tizigwiritsa ntchito makinawo, kuti pasakhale wooneka ngati walephera. Koma kodi amalimba? Amalola makadi wamba ogula mumsika wa Limbe? Nanga ndi kuzimazima kwa magetsiku, ndigule otani? M'masitolo amene ndinalowa ku Chichiri ndi m'tauni sindinawaone.

Yankho loyamba:
Pepani ndi za bambo. Ine ndili nawo, anandibweretsera mlamu wanga pa basi kuchokera ku Johannesburg. Amagwira ntchito chonchi: makadi mumawagawa pawiri, ena m'kathireyi kakumanja, ena kakumanzere. Mukadina batani, timawilo ta labala timakoka makadi apansi mbali zonse ziwiri n'kuwalowetsa m'kabokosi kapakati. Anga amalola mapaketi awiri ndipo amayendera mabatire 4 a AA, ndiye za magetsi musadandaule. Alipo aakulu a mapaketi 6, koma pabanja ndi kungotaya ndalama. Chenjezo langa ndi phokoso. Amalira ndithu, ngati pali khanda logona pafupi lidzuka.

Yankho lachiwiri:
Achimwene, vuto lalikulu si makina koma makadi. Apepala otchipa aja akakalamba amafewa m'mbali ndi kupindika, timawilo timalephera kuwakoka, kapena timakoka atatu pakamodzi n'kutsamwa. Mu June ndi July kukagwa chiperoni amanyowa n'kumamatirana, mukudziwa mmene Blantyre amakhalira. Gulani apulasitiki, muziwasunga m'bokosi lotseka. Muyezenso kukula kwake: a poker ndi pafupifupi mamilimita 63 m'lifupi, a bridge 57, ndipo si makina onse amene amalola mitundu yonse iwiri bwinobwino. Ngati ana amasewera UNO, paketi yake imaposa makadi 100, choncho makina a paketi imodzi sakwanira.

Yankho lachitatu:
Musaganize kuti kudina kamodzi basi ndiye asakanizika. Makinawo amangolowetsa milu iwiri mkati mwa unzake, monga timachitira ndi manja. Mu 1992 akatswiri a masamu Dave Bayer ndi Persi Diaconis anaonetsa kuti paketi ya makadi 52 imafunika kusakanizidwa motere pafupifupi kasanu ndi kawiri kuti isakanizike mokwanira. Pamasewera a pakhomo ine ndimabwereza katatu kapena kanayi, wina n'kudula, basi. Mukangodutsitsa kamodzi, makadi amene anatsatizana pamasewera apitawo amabwereranso ali pafupipafupi, ndipo ana ochenjera amazindikira msanga.

Yankho lachinayi:
Ine ndikusiyana nanu pang'ono. Bambo anga nawonso anali ndi vuto la manja. Chimene chinawathandiza kwambiri ndi kathabwa koimikapo makadi. Kalipentala aliyense ku Ndirande angakupangireni: thabwa lalitali ngati rula ya kusukulu, alidule kamzere kozama pang'ono pakati, makadi aziima okha moyang'ana mwini wake. Munthu wa nyamakazi zimamuwawa kugwira makadi ambiri nthawi yaitali kuposa kusakaniza kwa mphindi imodzi. Makina ogawa, ozungulira n'kumaponyera aliyense makadi aja, ine sindingakulangizeni. Ndi odula, komanso akawalanda bambo ntchito yogawa imene mwina akuikwanitsabe. Alipo osakaniza opukusa ndi dzanja, osafuna mabatire, koma kwa zala zowawa batani ndiye labwino. Ndipo musakawauze kuti mwagulira iwo. Apatseni adzukulu ayambe okha kuseweretsa.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse. Amayi amene mwanena za kathabwa, mwanditsegula m'maso. Ndakumbukira kuti masabata apitawa bambo akhala akuika makadi awo chafufumimba patebulo n'kumasuzumira limodzilimodzi, ine ndimaganiza kuti akubisira adzukulu. Mawa m'mawa ndipita kwa kalipentala, ndikapangitsa timathabwa tokwanira tonse kuti asakhale okha ogwiritsa ntchito. Makina ndigula osakaniza okha, a mabatire, a mapaketi awiri, pamodzi ndi makadi apulasitiki. Kugawa kukhalabe kwa manja.

Funso limodzi latsala kwa inu a yankho loyamba: batani lake ndi lofewa moti munthu angadine ndi chikhatho, kapena limafuna mphamvu ya chala? Komanso limafunika kuligwirabe mpaka makadi athe, kapena mumangodina kamodzi n'kusiya? Ndikufuna ndidziwe ndisanatume munthu.