Modemu ikangoyamba kuimba, mausi ikuuma: Windows 98, khadi la ISA

Wa ku Limbe:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi kompyuta ya kasitomala wa malo ogona alendo, Pentium 166 MMX, bolodi ya AT, BIOS ya Award, Windows 98 SE. Ntchito yake ndi PABX basi, makina ogawa mafoni m'zipinda za pamalopo. Pa COM2 (ma COM ndi ma port olumikizira zipangizo ku kompyuta) pali chingwe chochokera ku PABX chobweretsa ndandanda wa mafoni amene alendo aimba, ndipo modemu imagwiritsidwa ntchito poimbira PABX ya nthambi yawo ina akafuna kusintha ma extension. Modemu yakale inapsa ndi mphezi. Ndaikamo ina ya ISA (mtundu wakale wa makhadi obaya pa bolodi), US Robotics Sportster 33.6, ya majampa (timapulagi ta pa khadi tosuntha ndi dzanja), ili pa COM3. Windows yaiona, ma driver alowa, mu Device Manager mulibe chizindikiro chachikasu ngakhale chimodzi. Koma ikangoyamba kuimba, mausi ikuuma. Nthawi zina zikutembenuka: mausi ikuyenda, koma mu HyperTerminal, pulogalamu yolankhulira ndi modemu, ndikalemba lamulo la ATZ, yankho la OK silikubwera mpaka nditagwedeza mausi. Pulogalamu ya PABX imakana pa Windows zatsopano, ndiye zoti tigule kompyuta ina palibe.

Mnyamata wa ku Area 25:
Achimwene, mwayesa kuchotsa ma driver n'kuikanso? Apo ayi gulani modemu ya USB, nkhani ithere pomwepo.

Wa ku Limbe:
Bolodi ilibe pobayira USB kumbuyo. Ma driver ndi omwewo a modemuyo, ndipo More Info (poyesera modemu mu Windows) ikatheka kuyankha imatchula dzina lake bwinobwino.

Madala a ma PABX:
Mausiyo ndi ya mtundu wanji? Ya pulagi yozungulira ya PS/2, kapena ya mapini 9?

Wa ku Limbe:
Ya mapini 9, madala. Ili pa COM1.

Madala a ma PABX:
Basi, matenda ndi amenewo, ma driver asiyeni. COM1 ndi COM3 zimasiyana adilesi koma IRQ, waya umene chipangizo chimaitanira purosesa, ndi imodzi. COM1 ili pa 3F8, IRQ 4. COM2 ili pa 2F8, IRQ 3. COM3 ili pa 3E8, IRQ 4 yomweyo. COM4 ili pa 2E8, IRQ 3. Mausi yanu ndi modemu zikulimbirana IRQ 4.

Zoti OK akubwera mukagwedeza mausi ndiye umboni weniweni. Modemu yayankha kale, zilembo zake zakhala mu UART, chipu cha port ya COM, kudikira, koma kuitana kwake sikunamveke kwa purosesa. Mukagwedeza mausi, IRQ 4 ikudzuka chifukwa cha mausiyo, Windows n'kusuzumira pa ma port onse a IRQ imeneyo n'kupeza kuti pa COM3 pali katundu. Zili ngati nyumba ziwiri zolumikizidwa ku belu limodzi, mwini belu sangadziwe amene waliza, ndipo wina akalipanikiza osasiya, wa mnzakeyo samveka n'komwe.

Mnyamata wa ku Area 25:
Koma madala, ine ndaonapo makompyuta amene makhadi atatu ali pa IRQ 11 ndipo zonse zikuyenda. Nanga apa chavuta n'chiyani?

Madala a ma PABX:
Amene munaonawo ndi makhadi a PCI, mwanangu. PCI inapangidwa kuti makhadi azibwerekana waya wa IRQ: khadi lofuna thandizo limakokera wayayo pansi n'kuugwira mpaka lithandizidwe, ndipo ngati lina likufunanso, waya umakhalabe pansi, purosesa n'kubwereranso. ISA siitero. Chipu cha 8259, cholandira ma IRQ, chimangomva nthawi imene magetsi a pa waya akudumpha kuchoka pansi kupita pamwamba. Khadi lililonse limayendetsa wayayo palokha, lina likukankhira mmwamba lina likukokera pansi. Kudumpha kumodzi kukaphonyeka, kwapita.

Chimene chimapusitsa anthu n'chakuti COM1 ndi COM3 zimatha kukhala pa IRQ 4 zaka zambiri popanda vuto, bola zisagwire ntchito nthawi imodzi. Port imene sinatsegulidwe ndi pulogalamu imadzichotsa pa waya wa IRQ. N'chifukwa chake Windows 98 nthawi zambiri siiika chizindikiro chachikasu pamenepa. Koma mausi ndi chinthu chotsegula kuyambira poyatsa mpaka pozimitsa, choncho modemu sidzapeza mpata.

Achemwali a ku Zomba:
Ndikuvomerezana ndi madala. Musanakhudze jampa, tsimikizani kaye zimene BIOS ikuona. Yatsani kompyuta, dinani F8, sankhani Command prompt only, lembani debug, kenako d 40:0. Mzere woyamba ukuonetsani ma adilesi a ma COM, manambala ake otembenuka. Kwa inu payenera kuoneka F8 03 F8 02 E8 03 00 00. Kutuluka ndi q. Mukaona zimenezo ndiye kuti adilesi ilibe mlandu, yatsala IRQ yokha. Mutiuzenso zimene zili pa ma IRQ ena: mu Device Manager dinani kawiri pa Computer pamwamba penipeni, ndandanda wonse utuluka.

Wa ku Limbe:
Debug yaonetsa ndendende zimene mwalembazo, achemwali. Ndandanda uli motere: 3 pali COM2, 4 pali COM1 ndi COM3, 5 pali Sound Blaster 16, 6 floppy, 7 LPT1 pomwe pali Epson LX-300 yosindikizira mabilu, 11 pali khadi la sikirini S3 Trio64V+, 14 ndi 15 ma IDE. 9, 10 ndi 12 palibe kanthu. Ndiike modemu pa 10?

Achemwali a ku Zomba:
Tayang'anani kaye mano a khadilo. Ngati ali mzere umodzi wamfupi, ndi khadi la 8-bit, ndipo IRQ 10 kulibe waya wake. Ma IRQ 10, 11, 12, 14 ndi 15 amadutsa pa chigawo chachiwiri cha slot, chimene chinabwera ndi IBM AT mu 1984. Khadi lalifupi limangofika 2 mpaka 7.

Wa ku Limbe:
Ndi lalifupi. Majampa a IRQ alembedwa 2, 3, 4, 5 ndi 7.

Mnyamata wa ku Area 25:
Ndiye ikani pa COM4, mwachoka pa IRQ 4.

Madala a ma PABX:
Ayi, kumeneko ndiye kuli misampha iwiri. Woyamba, COM4 imagwa pa IRQ 3 pamodzi ndi COM2, ndipo COM2 ndi yotsegula usana ndi usiku kulandira ndandanda wa mafoni. Mausi ikauma mumaona ndi maso, koma mizere ya mabilu ikamasowa simudziwa mpaka kasitomala atayamba kukangana ndi alendo pa kauntala. Wachiwiri, mwamva kuti muli S3 Trio64. Makhadi a S3, ngati ena a ATI Mach, amagwiritsa ntchito ma adilesi othera ndi 2E8, mwambo umene anatengera ku 8514/A ya IBM. Makhadi ambiri a ISA amangowerenga ma bit 10 a mmunsi a adilesi, ndiye modemu ya pa COM4 imayesa kuti akulankhula nayo pamene akulankhula ndi khadi la sikirini. Zotsatira zake ndi zilembo zopanda mutu mu HyperTerminal kapena sikirini yothimathima. COM4 ndi S3 osaziphatikiza.

Modemu ikhale pa COM3 pomwepo, 3E8. Musinthe IRQ yokha. Mwa zisanu zili pa jampazo, 3 ndi 4 zatha. 7 ndi ya printa. Anthu ena amaba imeneyo chifukwa kusindikiza nthawi zambiri kumayenda popanda IRQ, koma pa makina osindikiza mabilu a ndalama ine sindingayerekeze. 2 imatheka, imafika kwa purosesa ngati IRQ 9, koma imasokoneza mapulogalamu ena akale amene sadziwa kuti 2 ndi 9 ndi waya umodzi. Yabwino ndi 5. Sound Blaster isamuke.

Bambo wa ku Chipata:
Ine ndili ndi maganizo ena pang'ono. Bwanji osachotsa mausi pa COM1? Mabolodi ambiri a Socket 7 ali ndi timapini ta PS/2 mouse pafupi ndi pobayira kiyibodi. Mukapeza kachingwe kake, mausi ipita pa IRQ 12 yomwe ili yopanda kanthu, muzimitse COM1 mu BIOS, modemu itenge COM1 ndi IRQ 4 yonse. Mapulogalamu akale amakonda COM1 ndi COM2, ena sadziwa n'komwe kuti COM3 ingakhale pa IRQ 5.

Achemwali a ku Zomba:
Njira imeneyo ndi yaukhondo kuposa zonse, abambo, sindikutsutsa. Vuto ndi kachingweko. Timapini timeneti opanga mabolodi sanagwirizane kandandalikidwe kake, wina 5V ali apa wina ali apo. Mukabaya ka bolodi ina mukhoza kuotcha fyuzi ya kiyibodi, ndipo bolodi ya AT lero simungoipeza pa shelefu. Ngati buku la bolodi lilipo ndipo mwayeza ndi mita, chitani. Ngati palibe, jampa ya IRQ 5 siwononga kanthu.

Bambo wa ku Chipata:
Zoona, popanda buku ndi bwino kusiya. Koma funso la pulogalamu likadalipo. Achimwene a ku Limbe, ndi ya DOS kapena ya Windows?

Wa ku Limbe:
Ya Windows, imasankha modemu pa ndandanda wa Windows. Buku la bolodi palibe. Ndasuntha jampa kupita pa 5, ndayatsa. Tsopano mausi ili bwino koma modemu yangoti zii. More Info ikuti siikuyankha, ndipo phokoso la poyatsa Windows likungobwereza kachidutswa kamodzi.

Madala a ma PABX:
Mwachita gawo limodzi mwa atatu. Khadi la majampa silidzitchula kwa aliyense, choncho BIOS siikudziwa kuti IRQ 5 yatengedwa, ndipo Windows ikumverabe pa 4. Phokoso lobwerezalo ndi Sound Blaster imene yataya IRQ yake. Jampa, BIOS ndi Windows ziyenera kunena nambala imodzi.

Mu BIOS lowani PNP/PCI Configuration. Resources Controlled By ikhale Manual. Pa IRQ-5 assigned to, sankhani Legacy ISA. Reset Configuration Data muike Enabled, idzabwerera yokha pa Disabled ikamaliza. Imeneyo imafufuta ESCD, ndandanda wa mmene BIOS inagawira makhadi, kuti BIOS igawenso zinthu mwatsopano. Ngati Sound Blaster ndi ya Plug and Play idzasamuka yokha, ndipo poti ndi khadi la 16-bit, 10 ikhoza kufikako. Ngati ndi ya majampa kapena yosinthidwa ndi pulogalamu yake, muisunthe nokha.

Kenako mu Windows, pansi pa Ports, tsegulani Communications Port (COM3), Resources, chotsani chizindikiro pa Use automatic settings. Pa Basic configuration 0004 siikulolani kusintha IRQ. Sankhani 0005, ndi COM3 yomweyo pa 03E8 koma IRQ yake imasinthika. Ikani 05.

Achemwali a ku Zomba:
Ndiwonjezere chimodzi. Lowani mu Safe Mode mutsegule Device Manager mmenemo. Modemu yopsayo mudzaipeza ikadalipo, mwina ndi ma COM ena amene sakuoneka mukayatsa mwa nthawi zonse. Chotsani zonse zakufa. Pulogalamu ya PABX ikhoza kukhala ikulozabe ku modemu yakale, ndiye mukatha mulowe mu pulogalamuyo musankhenso yatsopano.

Wa ku Limbe:
Zayenda, akuluakulu. Sound Blaster yapita yokha pa 10, phokoso lili bwino. Mu Safe Mode munalidi modemu yakale ndi COM5 yake, ndachotsa. ATZ ikuyankha OK pomwepo, ATI3 ikutchula dzina, mausi ikuyenda ngakhale ndikuizunguza dala. Chatsala n'chakuti ndikaimba ikunena NO DIALTONE, chonsecho ndikalumikiza foni pa chingwe chomwecho kulira kukumveka.

Madala a ma PABX:
Imeneyo si ya IRQ, ndi ya kwathu. Kulira kwa extension ya PABX nthawi zambiri kumasiyana ndi kumene modemu imayembekezera. Mu Modem Properties, pa Connection, chotsani chizindikiro pa Wait for dial tone before dialing, kapena pa Extra settings lembani X3. Ndi X3 modemu imaimba osadikira kulira koma imazindikirabe ngati mzere uli busy. Pa nambala yambani ndi yotulukira kunja, 9 kapena 0 malinga ndi mmene PABX inakonzedwera, kenako chizindikiro cha koma (,), kenako nambala. Koma mmodzi amaimitsa masekondi 2. Chonde onetsetsaninso kuti extension ndi ya analogi. Mzere wa mafoni a digito a PABX ukhoza kuotcha modemu.

Liwiro musayembekezere zambiri. Modemu ziwiri za analogi sizipitirira 33,600, ngakhale zonse zitakhala za 56k, chifukwa V.90 imafuna kuti mbali inayo ikhale yolumikizidwa mwa digito. Timamodemu ta mkati mwa PABX zakale ndi tochedwa kuposa pamenepo. Ikagwira pa liwiro lotsika musayambenso kusuntha majampa.

Wa ku Limbe:
Extension ndi ya analogi, ndi yomwe inali ya fakisi. X3 ndi 9 ndi koma zathandiza, yalumikizana ndi nthambi ija ndipo ndasintha extension imodzi poyesa. Ndandanda wa pa COM2 ukulowanso nthawi yomweyo osadumpha mzere. Zikomo madala, zikomo achemwali ndi nonse.

Bambo wa ku Chipata:
Musanatseke bokosi, wotchi ya kompyutayo ikusunga nthawi? Legacy ISA yanuyo ikukhala mu CMOS, mosungira za mu BIOS modalira batire. Batire likafooka, magetsi akangothima BIOS ibwerera pa Auto, Sound Blaster ikhoza kubwereranso pa 5, ndipo kasitomala adzakuimbirani kuti modemu yafanso. Mabolodi ena a nthawi imeneyo alibe batire looneka, ali ndi kabokosi kakuda ka Dallas DS12887 kokhala ndi batire mkati. Kakatero muone ngati kali pa soketi kapena nkowotcherera.

Wa ku Limbe:
Ili ndi CR2032 wamba. Ndayeza, lili pansi pa 2V m'malo mwa 3V, ndipo a pa kauntala akuti tsiku amalikonza pamanja m'mawa uliwonse. Ndaika latsopano, ndalowetsanso za mu BIOS, ndazula pulagi kwa kanthawi n'kuyatsanso, IRQ-5 ikadali pa Legacy ISA. Mkati mwa chivundikiro ndamata pepala: modemu COM3, 3E8, IRQ 5, jampa, Sound Blaster IRQ 10, COM4 osagwiritsa ntchito chifukwa cha S3. Mawa ndikaika chotetezera mphezi pa chingwe cha foni. Alipo amene ali nacho cha RJ11, pulagi ya chingwe cha foni, kuno ku Blantyre?

Achemwali a ku Zomba:
Yang'anani kumbuyo kwa UPS yawo, zambiri zimakhala ndi mabowo awiri a RJ11, IN ndi OUT. Koma chimagwira ntchito pokhapokha soketi ili ndi earth yeniyeni, ndiye muyeze soketiyo kaye.