Maluwa akuuma pansi pa jakaranda, ndithandizeni

Wa ku Namiwawa: Akuluakulu ndithandizeni mutu waima. Ndagwira kantchito pa yadi ina kuno, adona akufuna bedi yozungulira jakaranda wamkulu wa pakhomo, akuti mu Okutobala mtengo ukadzachita maluwa pansi pakhalenso powala. Ndawokera ma petunia ndi ma marigold matileyi 4, masabata awiri okha theka lauma kale. Ndikuthirira m'mawa ndi madzulo makheni 6 koma ikamati 11 koloko dothi lili gwaa ngati sindinathirepo, khasu silikulowa paliponse ndi mizu yokhayokha. Manyowa ndinathira. Mbande ndinagula ndi ndalama zanga ndipo adona ayamba kufunsa.

Wa njerwa ku Bangwe: Mangani ring ya njerwa mizere itatu, mudzazemo dothi lakuda mawilibala 10, mubzale pamwamba. Nkhani yatha.

Mayi wa nazale ku Limbe: Ayi achimwene musayerekeze. Dothi likakwirira tsinde khungwa limakhala lonyowa nthawi zonse, limayamba kuola chamunsi ndiye chiswe chimapezerapo mwayi. Komanso mizu ya jakaranda imayenda pamwambamwamba, imafuna mpweya, mukaiunjikira dothi mwaitsamwitsa. Choipa chake mtengo suuma lero, umayamba ndi nthambi zakunsonga patatha zaka, inu mutalandira ndalama kalekale koma dzina loipa ndi lanu.

Wa njerwa ku Bangwe: Ine ndamanga ma ring ambirimbiri mitengo ili chiimire mpaka lero.

Madala a ku Chilomoni: Mayiwa akunena zoona. Ine ndinagwetsapo flamboyant ku Sunnyside amene mnyamata wina anamangira ring yofika m'mabondo, titaphwasula njerwa tsinde linali lofewa chala kumalowa, fungo lake ngati chinangwa chovunda, chiswe chitadya mpaka mkati. Bwana wake anadandaula kwambiri chifukwa mtengowo anabzala ndi malemu bambo awo. Tinatha masiku atatu tikudula pang'onopang'ono ndi zingwe kuopa denga, nthambi ina inatsala pang'ono kugwera mawaya a magetsi, tsiku limenelo sindinadye nsima.

Mayi wa nazale ku Limbe: Komanso mwasankha maluwa olakwika. Petunia ndi marigold ndi a padzuwa. Panopa mukuona ngati pali kuwala chifukwa jakaranda wayoyola masamba, koma mvula ikayamba mu Novembala masamba abwerera, pansi padzakhala mthunzi ndiye otsalawo adzangotalika opanda duwa. Ikani clivia, agapanthus chakumphepete kumene dzuwa limafikako, spider plant kapena sansevieria. Impatiens ayi, amamwa madzi ngati ng'ombe, ndi kutentha kwa Okutobala simungakwanitse.

Wa ku Namiwawa: Clivia ndi wodula mayi, adona sangalole. Nanga mizuyi ndiidule ndi piki?

Madala a ku Chilomoni: Piki ayi mwana wanga. Timizu ting'onoting'ono ngati ulusi palibe vuto, koma muzu wonenepa kuposa chala chachikulu usiye, sunthira dzenje pambali. Kumba timaenje pakati pa mizu ndi kafosholo kam'manja, mbande zikhale zazing'ono, ndipo kuchoka pa tsinde siya mpata wa sitepe imodzi yaikulu popanda chilichonse. Manyowawo anali a chani? Ngati ndi zitosi za nkhuku zosaola ndi zomwezo zawotcha.

Wa njerwa ku Bangwe: Zonsezi mukuvutika chifukwa chokana ring. Mizere iwiri yokha ndiye, dothi pang'ono.

Mayi wa nazale ku Limbe: Ngakhale iwiri, mizu ya mtengo imakwera kutsata chinyezi, chaka chimodzi ring yonse yadzadza mizu mwabwerera pomwe munali.

Wa ku Chirimba: Ine langizo langa dikirani mvula. Ino si nthawi yowokera pansi pa mtengo, mipope ikuuma masiku ena, mtengo nawo uli ndi ludzu ukumwa madzi anu onse. Panopa ikani mapoto akuluakulu ozungulira, mvula ikakhazikika mu Disembala muwokere pansi. Kuphimbira ndi udzu wouma kumathandiza koma chenjerani chiswe, ine ku Nyambadwe chinandidyera maliroze bedi yonse chitayambira mu udzu womwewo. Ndipo wina asakunamizeni kuti muphadze nthambi kuti dzuwa lilowe, jakaranda ukamudula amatulutsa mphukira zoongoka ngati nsungwi, maonekedwe ake sabwereranso.

Wa njerwa ku Bangwe: Mapoto ndi ring n'chimodzimodzi, kusiyana kwake ring sabedwa.

Madala a ku Chilomoni: Poto sakhudza tsinde, ndipo umatha kumusuntha.

Wa ku Chirimba: Zakubazo ndiye zoona, kwathu anatenga mapoto 5 usiku umodzi mlonda ali pomwepo. Paja mapoto a simenti aakulu aja akupanga bwanji masiku ano? Pali amene wagula mwezi uno?