Magazi m'chimbudzi cha mwana woyamwa, ndithandizeni

Amayi anzanga, mtima wanga suli m'malo. Mwana wanga ali ndi masabata 7, amangoyamwa bere basi, sanalawepo china chilichonse. Kuyambira Lachiwiri, ndikamamusintha thewera ndikumaona timizere ta magazi ofiira m'chimbudzi chake, tosakanikirana ndi zonanda ngati mamina. Si ambiri, koma usiku ndimadzuka n'kumayatsa tochi kuti ndionenso.

Thupi silikutentha, sakusanza, mimba sinatupe, ndipo sikelo ikukwera. Dzulo tinapita kuchipatala. Adokotala anamuyang'ana kumalo otulukira chimbudzi, sanapeze pong'ambika. Anandifunsanso ngati nsonga za mabere anga zili ndi zilonda, poti mwana amatha kumeza magazi a mayi ake poyamwa, koma zili bwinobwino. Iwo akuganiza kuti vuto ndi mkaka wa ng'ombe umene ndimamwa ine, kuti zina za mumkakamo zimadutsira m'bere n'kumamupweteka matumbo. Andiuza kuti ndisiye mkaka, yogati ndi tchizi kwa masabata awiri, koma ndisasiye kuyamwitsa.

Amene munakumanapo nazo, magazi anatha patapita masiku angati? Nanga munasiyanso soya ndi mazira, kapena mkaka wokha unakwanira?