Mlandu ukungosunthidwa chifukwa cha kolera, masiku a rimandi atha: tichite chiyani?

Abale odziwa malamulo, tithandizeni nzeru. Mchimwene wanga anamangidwa pa mlandu woba mbuzi ndipo ali pa rimandi mwezi wachitatu tsopano. Kundende kuja kwagwa kolera, ndiye akuti akaidi sakutuluka kupita kukhoti mpaka matenda atazilala. Ife tikapita ndi chakudya timangosiya pageti, kumuona ayi.

Zoteteza anthu ku mliri ndikuzimvetsa, sindikukana. Koma ndikudziwa kuti Criminal Procedure and Evidence Code (lamulo la kayendetsedwe ka milandu ya upandu), monga anaikonzera mu 2010, imati pa milandu ya kwa majisitireti munthu asasungidwe kupitirira masiku 30 mlandu usanayambe, ndipo khoti likawonjezera, lisapyole masiku ena 30. Masiku 90 amene lamulolo limatchulanso ndi a milandu ikuluikulu ngati yakupha, osati ya mbuzi.

Kodi mliri umaimitsa kawerengedwe ka masikuwa, kapena woimira boma amayenerabe kukapempha kukhoti? Nanga belo tingaipemphe iye mwini kulibe? Ndalama za loya tilibe. Tiyambire ku Legal Aid Bureau (ofesi ya boma yothandiza osakwanitsa kulipira loya) kapena kwa maparalegal (othandiza pa zamalamulo amene si maloya) a bungwe la PASI (Paralegal Advisory Service Institute)? Amene munadutsamo, munanyamula mapepala anji, ndipo mboni za belo zinafunika zingati?