Ndabweranso pa nkhani ya mkodzo wodontha ija

Azimayi anzanga, miyezi inayi yapitayo ndinafunsa za mkodzo womwe unkandidontha ndikatsokomola, ndikaseka kapena ndikanyamula ndowa ya madzi, chibadwire mwana wanga wachitatu. Zikomo nonse amene munayankha, ngakhale inu munati "ndi uchembere umenewo, ingopirirani." Pepani, sindinapirire.

Ndinatsatira malangizo a mayi aja anati ndikapemphe kalata kusikelo yopita kwa a physiotherapy, akatswiri othandiza ndi masewera olimbitsa thupi. Kumeneko ndinazindikira kuti ma Kegel, masewera olimbitsa minofu ya kumunsi yomwe imagwira mkodzo, ndinkalakwitsa. Ndinkaumitsa mimba ndi matako, mpweya nditaugwira, minofu yeniyeniyo ili phee! Anandiuza kuti ndizifinya ngati ndikuletsa kuphwisa ndi mkodzo nthawi imodzi, ndikokere m'mwamba, ndiwerenge mpaka 5 uku ndikupuma bwinobwino, kenako nditayirire kotheratu. Ka 10, katatu pa tsiku. Ndinayamba chogona, koma pano ndimachita ndikuyamwitsa, ngakhale mu minibasi, palibe amadziwa.

Masabata oyambirira sindinaone kusintha, moti ndinatsala pang'ono kusiya. Pofika mwezi wachitatu, kansalu ndinkavala tsiku lililonse kaja ndinakasiya. Ndikayetsemula modzidzimuka kumadonthabe pang'ono, ndiye ndimafinyiratu ndikamva kuti chikubwera.

Anandiletsa kuyeserera ndili pakati pokodza. Kuchepetsa madzi akumwa nakonso kunkangondidzimbitsa, vuto n'kumakula. Koma ngati mkodzo ukungotuluka usana ndi usiku osaleka, mwina ndi fistula, kubooka kwa pakati pa chikhodzodzo ndi njira yoberekera, ndipo Kegel sangathandize. Pitani kuchipatala msanga. Ku Bwaila ku Lilongwe amachiza.